Tiziwatchula Bwanji? Njira Zisanu Zotchulira Magulu Opha Anthu M'dzina la Chisilamu

Pa 12 Juni 2016 munthu wina analowa m'malo ovinira otchedwa Pulse mumzinda wa Orlando ku America n'kupha anthu 49 ndi mfuti. Ali mkati momwemo anaimbira apolisi foni n'kunena kuti iye ndi wa gulu la Islamic State. Maliro asanaikidwe n'komwe, andale anali atayamba kale kukangana za mawu. Donald Trump, yemwe nthawi imeneyo ankapikisana nawo pa chisankho, anati Barack Obama atule pansi udindo chifukwa sanatchule mawu oti "radical Islam". Patapita masiku awiri Obama anayankha mopsa mtima, kufunsa kuti mawuwo akawatchula chisinthe n'chiyani, kodi zigawengazo zileka kupha?

Mkanganowo ndi wa ku Washington, London ndi Paris, koma umatipeza pakhomo tikamamasulira. Mkonzi wa nkhani za m'maiko akunja pa wailesi amalandira nkhani m'Chingerezi ndipo ali ndi mphindi khumi zoti asankhe mawu. Mbusa, shehe, mphunzitsi, phungu, ngakhale woyang'anira gulu la pa WhatsApp, onse amafika posankha. Nkhaniyi ndalembera iwowa.

Poyamba pali chinthu chimodzi chimene Chichewa chimatichita. Azungu akukangana za mawu awiri, "Islamic" ndi "Islamist", osiyana pamapeto pokha. Oyambawo amanena za chipembedzo chonse, achiwiriwo amanena za ndale zofuna kuyendetsa boma ndi malamulo a chipembedzocho. Ife mawu onsewa timangowathira m'thumba limodzi: "za Chisilamu". Ndipo kamawu koti "za" kamanena mwini, monga mbuzi za amalume. Ine ndinaphunzira zimenezi kwa telala wina wa pamsika wa kwathu, Msilamu wachikulire amene amandisokera mathalauza. Anali atamva nkhani imene ndinamasulira ineyo. Atandiyeza m'chiuno anaika tepi pakhosi n'kundifunsa mwaulemu: "Achimwene, ine ndine wa Chisilamu, mzikiti uwo ndi wa Chisilamu. Ndiye zigawenga mumanena dzulo zija n'zathunso?" Ndinalibe yankho lokonzeka, ndipo thalauzalo ndinalipira osanenerera.

Miyeso inayi

Njira iliyonse ndiiyeza ndi mafunso anayi. Mtengo: mukagwiritsa mawuwo mutaya chiyani, kaya ndi omvera, anzanu othandizana nawo, ndalama kapena nthawi ya pa wailesi? Kupezeka: kodi mawuwo alipo m'Chichewa, ndipo agogo a ku Ntaja kapena ku Mitundu awamva popanda wowafotokozera? Kusamalira: muziwakonza kapena kuwafotokoza kangati zinthu zikamasintha? Zoopsa: akalakwika, amene apwetekedwe ndani?

Funso loti mawuwo ndi oona kapena ayi sindinaliike payekha, chifukwa njira zonse zisanu zili ndi choona chake komanso chimene zimabisa.

1. "Zigawenga za Chisilamu"

Iyi ndi njira ya Trump. Tsiku lolumbira, pa 20 Januwale 2017, analonjeza kuti afafaniza "radical Islamic terrorism" padziko lonse. George W. Bush anayesapo zofanana mu Ogasiti 2006 pamene ananena za "Islamic fascists", koma sanachedwe kuzisiya. Amene amakonda njirayi si onse odana ndi Asilamu. Mfundo yawo ndi yoti sing'anga sangachize matenda amene akuopa kuwatchula. Ophawo amatchula mavesi a Korani, mbendera yawo yakuda ili ndi mawu a chikhulupiriro cha Chisilamu, mtsogoleri wawo amamutcha khalifa. Munthu wamba akamaona zonsezi kenako n'kumva mtsogoleri akuzungulira, amayamba kukayikira china chilichonse chimene mtsogoleriyo anganene.

*Mtengo.* Mumalipira ndi anthu amene mukuwafuna kwambiri. H. R. McMaster, mkulu wa asilikali yemwe Trump anamusankha kukhala mlangizi wake pa chitetezo mu Febuluwale 2017, anauza antchito ake kuti mawuwa sathandiza, poti amene akumenyana ndi zigawengazo ku Iraq ndi ku Afghanistan ndi Asilamu anzawo. Trump yemweyo atapita ku Riyadh pa 21 Meyi 2017 kukalankhula kwa atsogoleri a maiko a Asilamu okwana pafupifupi 50, omulembera anafewetsa mawuwo. Kwathu kuno kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi, ndipo ku Mangochi ndi ku Machinga ndiwo ambiri. Wailesi imene yasankha mawuwa yasankhanso mmene omvera amenewo aziionera.

*Kupezeka.* Alipo paliponse, ndi aafupi, amakwana pa mutu wa nkhani. N'chifukwa chake womasulira wotopa amangogwera momwemo.

*Kusamalira.* Ntchito yake ndi yaikulu kuposa mmene ikuonekera. Pa 28 Novembala 2014 mabomba ndi mfuti zinapha anthu oposa 100 pa mzikiti waukulu wa Kano ku Nigeria. Pa 24 Novembala 2017 anthu oposa 300 anaphedwa akupemphera Lachisanu pa mzikiti wa al-Rawda ku Sinai. Yesani kuwerenga mokweza kuti "zigawenga za Chisilamu zapha Asilamu 300 mumzikiti" ndipo mumva kuti chiganizocho chikufuna china chochifotokozera. Palinso ngongole ya kusakondera. Joseph Kony ankati akufuna kulamulira Uganda ndi Malamulo Khumi a m'Baibulo, koma ine sindinamvepo wina kwathu kuno akutcha gulu lake la LRA "zigawenga za Chikhristu". Womvera wochenjera amafunsa chifukwa chake.

*Zoopsa.* Wopwetekedwa si chigawenga cha ku Raqqa ku Syria chimene sichimva Chichewa. Ndi mtsikana wovala hijabu pa minibasi, ndi wogulitsa nyama pamsika. Moto umathanso kuyakira mbali ina. Mu Juni 2003 amuna asanu ochokera kunja anamangidwa ku Blantyre powaganizira kuti amathandiza al-Qaeda, n'kuperekedwa kwa Amereka ndi kutulutsidwa m'dziko ngakhale khothi linali litaletsa. Ku Mangochi kunabuka zipolowe ndipo matchalitchi anaonongedwa. Patapita milungu ingapo amunawo anamasulidwa ku Sudan popanda mlandu. Chimene chinakwiyitsa anthu chinali kumangako, osati mawu a nyuzipepala okha, koma nkhaniyo ikuonetsa kuti udzu wathu nawo ndi wouma.

2. Kusiyanitsa chipembedzo ndi ndale zake

David Cameron, ali nduna yaikulu ya Britain, analankhula ku Birmingham mu Julayi 2015 za "Islamist extremism". Hillary Clinton atapanikizidwa pa nkhani ya Orlando ananena kuti alibe vuto kutchula "radical Islamism". Emmanuel Macron, ali pulezidenti wa France, pa 2 Okutobala 2020 ku Les Mureaux, analankhula za magulu ofuna kudzipatula ku malamulo a France m'dzina la Chisilamu. Onsewa akufuna kunena kuti: sitikubisa kuti chipembedzo chikukhudzidwa, koma mdani wathu ndi chiphunzitso cha ndale, osati Swala kapena Ramadani.

*Mtengo.* M'Chingerezi ndi zilembo ziwiri zitatu. M'Chichewa ndi chiganizo chathunthu: "magulu ofuna kulanda boma kuti alamulire ndi malamulo a Chisilamu monga momwe akuwamvera iwowo". Pa wailesi amenewo ndi masekondi asanu ndi atatu nthawi iliyonse mukatchula. Ngakhale kwa eni chilankhulo kusiyanako n'kopyapyala. Ku Riyadh kuja pepala la Trump linalembedwa "Islamist", iye n'kuwerenga "Islamic", ndipo omuthandiza anati kunali kutopa. Macron analipira kwambiri. M'mawu ake omwewo ananenanso kuti Chisilamu ndi chipembedzo chimene chili pa mavuto padziko lonse, ndipo patatha milungu iwiri mphunzitsi wa ku France Samuel Paty anadulidwa mutu chifukwa choonetsa ophunzira zithunzi za Mtumiki Muhammad. Macron atateteza ufulu wojambula zithunzi za Mtumiki Muhammad, masitolo ena ku Kuwait, Qatar ndi Jordan anachotsa katundu wa ku France m'mashelefu, ndipo Recep Tayyip Erdoğan wa ku Turkey anauza anthu ake kuti asamagule. Kusiyanitsa kwake konse kuja sikunawoloke nyanja.

*Kupezeka.* Liwu limodzi palibe. Zimene ndamvapo anthu akuyesa n'zoipa kuposa vuto lenilenilo. "Asilamu okhwimitsa chipembedzo" akunena agogo anga a mnzanga amene saphonya Swala zisanu ndipo sanaphepo ngakhale nkhuku ya mwini. "Asilamu otengeka" akumveka ngati kukonda Mulungu kwambiri ndiko kumabala mabomba. Ena amati "majihadi", koma kwa Msilamu jihadi ndi liwu lolemekezeka lotanthauza kulimbikira m'njira ya Mulungu, ndipo ophawo amanyadira mukawatcha choncho.

*Kusamalira.* Muyenera kumakumbukira kuti si aliyense wa ndale zachisilamu amene amanyamula mfuti. Chipani cha Ennahda chinapambana chisankho cha ku Tunisia mu 2011. Chipani cha PJD chinatsogolera boma la Morocco kuyambira chisankho cha 2011 mpaka chitagonja mu 2021, n'kuchoka mwamtendere. N'chifukwa chake mu Epulo 2013 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linauza atolankhani ake kuti asamagwiritse "Islamist" ngati dzina lina la chigawenga.

*Zoopsa.* Maboma amaikonda njirayi pofuna kutseka pakamwa otsutsa. Mu Disembala 2013 boma la Egypt linalengeza kuti Muslim Brotherhood ndi gulu la zigawenga, patangotha miyezi yochepa asilikali atachotsa pulezidenti Mohamed Morsi yemwe anasankhidwa ndi anthu. Mukangobwereza mawu a boma lotero mwalowa nawo m'nkhondo yake osadziwa.

3. "Zigawenga" basi, osatchula chipembedzo

Pa 17 Sepitembala 2001, patapita masiku asanu ndi limodzi chiphedwereni anthu pafupifupi 3,000 ku America, Bush anapita ku mzikiti wa ku Washington n'kunena kuti Chisilamu ndi mtendere. Dzulo lake anali atagwiritsa liwu loti "crusade", lokumbutsa nkhondo zakale za Akhristu ndi Asilamu, ndipo linamubwerera. Obama anapitiriza njira yofewayi. Pa 10 Sepitembala 2014 ananena kuti gulu la ISIL (dzina lina la Islamic State) si la Chisilamu komanso si dziko, ndipo msonkhano wake waukulu wa mu Febuluwale 2015 unangotchedwa wothana ndi nkhanza za anthu opyola malire. Maganizo ake anali oti gululo likufuna nkhondoyo ioneke ngati ya Azungu ndi Asilamu onse, ndiye sangawapatse mphatso imeneyo.

*Mtengo.* Lero n'zotchipa, mumalipira mawa. Mwezi womwewo wa Febuluwale 2015 gululo linadula mitu Akhristu 21 m'mphepete mwa nyanja ku Libya, ambiri a iwo a mpingo wa Coptic, ndipo linanena poyera kuti likuwapha chifukwa cha mtanda. Chikalata cha White House chinangowatcha nzika za Egypt. Akhristu ambiri anamva ngati abale awo aphedwa kawiri. Trump anakolola mavoti m'munda umenewo.

*Kupezeka.* Liwu ndi lathu lenileni, koma lanyamula katundu wambiri. Pa nthawi ya Kamuzu, zigawenga anali otsatira Henry Chipembere amene anaukira boma ku Mangochi mu Febuluwale 1965, anali Yatuta Chisiza ndi anzake mu 1967, ndipo pambuyo pake aliyense amene wathawira ku Tanzania kapena ku Zambia. M'zaka za m'ma 1980 zigawenga zinali Renamo, zomwe boma la Maputo linkangozitcha "bandidos armados" pamene anthu pafupifupi miliyoni imodzi ankathawira kuno. Lero amene wathyola sitolo ndi zikwanje nayenso ndi chigawenga. Munthu wachikulire akamva liwuli amadziwa kuti boma likudana ndi anthuwo, koma sadziwa kuti anthuwo ndi otani. Enanso amakumbukira kuti ena mwa otchedwa zigawenga dzana, lero timawaika m'mabuku a sukulu.

*Kusamalira.* N'kochepa. Gulu lisinthe dzina kakhumi, liwu lanu silisintha.

*Zoopsa.* Apa tiyang'ane ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, poti ndi khomo loyandikana nalo. Kuukira koyamba kunachitika pa 5 Okutobala 2017 pa malo a apolisi ku Mocímboa da Praia. Kwa zaka ziwiri ndi theka akuluakulu a boma ankangoti ndi "malfeitores", ochita zoipa, ngati nkhani ya apolisi wamba. Chonsecho mashehe a kumeneko anali atachenjeza kale za kagulu ka anyamata olowa mumzikiti ndi nsapato, okana sukulu za boma, onyoza akuluakulu achipembedzo. Amene anaona vutolo poyamba anali Asilamu, ndipo liwu losatchula chipembedzo linapangitsa chenjezo lawo kuoneka ngati kukangana kwa m'mzikiti. Atolankhani amene anayesa kufufuza anaona zakuda: Amade Abubacar anamangidwa mu Januwale 2019, Ibraimo Mbaruco anasowa ku Palma mu Epulo 2020. Mwezi womwewo boma linatembenuka n'kunena kuti dziko laukiridwa ndi zigawenga zakunja. Mawu atsopanowa nawo anali ndi chobisa chawo, poti ankaika pambali madandaulo a anyamata a kumeneko: migodi ya miyala ya rubi ku Montepuez imene anathamangitsidwako, gasi wa ku Palma amene sakuwalemba ntchito. Mocímboa inagwa mu Ogasiti 2020, Palma inaukiridwa pa 24 Malichi 2021, kampani ya Total inaimitsa ntchito ya madola 20 biliyoni, ndipo chakumapeto kwa 2021 mfuti zinamveka ku Mecula m'chigawo cha Niassa, chomwe chimachita malire ndi ife.

4. Mayina ochokera kwa Asilamu eni: Daesh ndi Khawarij

Mu Sepitembala 2014 Laurent Fabius, nduna ya zakunja ya France, anapempha atolankhani kuti aziti "Daesh". Ndi chidule cha dzina la gulu la Islamic State m'Chiarabu, koma chimamveka pafupi ndi liwu lotanthauza kupondereza ndi phazi, ndipo gululo limadana nacho. Cameron anadzudzula BBC mu Juni 2015, alendo 38 ataphedwa ku Sousse ku Tunisia, chifukwa chonena "Islamic State", ndipo pa 2 Disembala 2015 anauza nyumba ya malamulo kuti boma lake liziti Daesh.

"Khawarij" ndi lakale kwambiri. Ndi dzina la kagulu kamene kanagalukira khalifa Ali m'zaka zoyambirira za Chisilamu, n'kumatcha Asilamu anzawo akafiri, ndipo mmodzi wa iwo ndiye anapha Ali mu 661. Mfumu Abdullah II ya ku Jordan imaligwiritsa kawirikawiri. Mu Novembala 2022 boma la Somalia linalamula kuti al-Shabaab izitchedwa Khawarij, ndipo chodabwitsa n'choti nduna ya zachipembedzo panthawiyo inali Mukhtar Robow, yemwe kale anali mmodzi wa akuluakulu a gulu lomwelo. Pakistan nayo mu 2024 inayamba kutcha gulu la Taliban la m'dzikomo, TTP, "Fitna al-Khawarij".

*Mtengo.* Mwasiya kukhala wongouza anthu nkhani, mwalowa m'bwalo. Tony Hall, mkulu wa BBC panthawiyo, anakana pempho la aphungu loti BBC iziti Daesh ponena kuti dzina lonyoza lingasokoneze kusakondera kwa wailesiyo. Ku Mogadishu mtengo wake ndi wa moyo: mtolankhani akakana lamulo ali pa mlandu ndi boma, akalitsata ali pa mlandu ndi amfuti.

*Kupezeka.* Kwa womvera wa Chichewa, Daesh ndi phokoso chabe. Mnyozo wake uli m'Chiarabu ndipo suwoloka. Khawarij amalidziwa amene anaphunzira ku madrasa, ena onse ayi.

*Kusamalira.* Muzifotokoza nthawi zonse. Ndipo mayina opekedwa m'ofesi amafa msanga. Mu Ogasiti 2014 ofesi yopereka zigamulo za Chisilamu ya ku Egypt, Dar al-Ifta, inayambitsa kampeni yoti gulu la Islamic State lizitchedwa QSIS. Lero akulikumbukira ndani?

*Zoopsa.* Liwu loti Khawarij ndi chigamulo cha chipembedzo. Likatuluka pakamwa pa akatswiri a Chisilamu, monga oposa 120 amene analembera kalata Abu Bakr al-Baghdadi, mtsogoleri wa Islamic State panthawiyo, mu Sepitembala 2014 kutsutsa ziphunzitso zake ndime ndi ndime, mawu otsutsa otero amakhala ndi mphamvu. Likatuluka pakamwa pa mbusa kapena nduna ya Chikhristu limamveka ngati mlendo akugawa malo kumanda a eni. Obama ananenedwa zomwezo: iye ndani kuti agamule chimene chili Chisilamu ndi chimene sichili?

5. Dzina la gulu, malo, ndi chimene lachita

Iyi ndi njira ya mabungwe ofalitsa nkhani monga Reuters ndi BBC. Mumati: "Gulu la Boko Haram laba atsikana 276 pa sukulu ya ku Chibok." Zinachitikadi mu Epulo 2014, ndipo palibe womvera amene amafuna kuuzidwa kuti n'zoipa. Ndi njira imene ine ndimagwiritsa masiku ano, ngakhale ili ndi minga yake.

*Mtengo.* Ena adzakunenani mantha. Mu Okutobala 2023 BBC inadzudzulidwa ndi nduna za boma la Britain chifukwa chosatcha Hamas zigawenga ndi pakamwa pake, ndipo inayamba kuwonjezera kuti boma la Britain ndi maboma ena ndiwo amalitcha choncho. Mtengo wina ndi thukuta: muyenera kufufuza kuti wachitadi ndani musanatsegule maikolofoni.

*Kupezeka.* Apa Chichewa chikutipatsa mwayi. BBC imavutika ndi mawu oti "so-called". Ife tili ndi liwu limodzi, "lodzitcha". "Gulu lodzitcha Islamic State" likunena zonse: dzinalo anadzipatsa okha, ife sitikuvomereza, komanso sitikubisa. Chofunika n'kusamasulira dzinalo. Mukangoti "Dziko la Chisilamu" mwawapatsa ufumu umene anadzilengezera pa 29 Juni 2014. Ndipo chiganizo chimodzi chokha chimakwanira kulowetsa chipembedzo mosanamizira aliyense: "gululi limati likumenyera Chisilamu, koma atsogoleri a Asilamu amalikana ndipo ambiri mwa amene lawapha ndi Asilamu." Mawu oti "limati" ndiwo akunyamula katundu amene "za" analephera.

*Kusamalira.* Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, chifukwa magulu amenewa amasintha mayina ngati bilimankhwe. Gulu la ku Iraq linali al-Qaeda ya ku Iraq mu 2004, Islamic State of Iraq mu 2006, ISIS kapena ISIL mu 2013, Islamic State mu 2014. Boko Haram ndi dzina limene anthu a ku Maiduguri anawapatsa, eni ake ali ndi lina lalitali la Chiarabu. Analumbira kutsatira al-Baghdadi mu Malichi 2015, n'kugawikana mu 2016, mbali ina kukhala ISWAP. Cholakwa chimene ndimamva kwambiri ndi cha al-Shabaab. Liwulo m'Chiarabu limangotanthauza anyamata. Anthu a ku Cabo Delgado anatcha owaukira choncho, ena amati "machababos", koma si gulu la ku Somalia lija. La ku Somalia lili ndi al-Qaeda, la ku Mozambique linalumikizana ndi Islamic State, yomwe inayamba kudzitama ndi ziwembu za kumeneko mu Juni 2019, ndipo America inaliika pa mndandanda wake wa zigawenga mu Malichi 2021 pa dzina la ISIS-Mozambique. Mkonzi azikhala ndi kapepala ka mayina pakhoma ndipo aziwunikanso miyezi ingapo iliyonse.

*Zoopsa.* Dzina lingathe kunama. Gulu limene linapha asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi pafupi ndi Beni ku Congo mu Novembala 2018, pakati pawo Chancy Chitete yemwe bungwe la United Nations linamupatsa mendulo ya ulemu waukulu atafa populumutsa mnzake wa ku Tanzania, limatchedwa Allied Democratic Forces. M'dzinamo muli demokalase, koma gululo linadzagwirizana ndi Islamic State. Mukangoti ADF osawonjezera kanthu, womvera sanaphunzire chilichonse. Choopsa china n'kuwatsatsira malonda. Magulu amenewa amadzitama ndi ziwembu zimene sanachite, ndipo dzina lawo likamveka pa wailesi iliyonse ndiye kulemba anthu ntchito kwawo. Jacinda Ardern, ali nduna yaikulu ya New Zealand, anaganizira zomwezo pamene mzungu wodana ndi Asilamu anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch pa 15 Malichi 2019: anamutcha chigawenga koma anakana kutchula dzina lake.

Iti pa nthawi iti

Pa mitu ya nkhani za pa wailesi, pamene muli ndi masekondi khumi, tengani njira yachisanu. Dzina, malo, chimene chachitika. Ngati palibe gulu limene ladziwika, nenani "anthu a mfuti" kapena "anthu osadziwika" ndipo musalosere. Ku Norway mu Julayi 2011 akatswiri ena anathamangira kuloza al-Qaeda, wopha anthu 77 n'kupezeka kuti ndi Anders Breivik, mwana wa ku Norway komweko wodana ndi Asilamu.

Pa nkhani yaitali kapena pulogalamu yokambirana, onjezani njira yachiwiri, koma m'chiganizo chathunthu, kamodzi koyambirira. Muli ndi nthawi yofotokoza chimene gululo limakhulupirira, ndipo kusafotokoza kungakhale kubisa. Itanani shehe, kaya wa Muslim Association of Malawi kaya wa Qadria, osati kuti adzapepese m'malo mwa anthu amene sakuwadziwa, koma kuti afotokoze pamene chiphunzitsocho chapatukira.

Ngati ndinu shehe mukulankhula kwa Asilamu anzanu Lachisanu kapena pa Radio Islam, njira yachinayi ndi yanu ndipo palibe angaigwiritse bwino kuposa inu. Ngati ndinu mbusa kapena wansembe, isiyeni. Tchulani ophedwawo kuti anali Akhristu ngati anaphedwa chifukwa cha Chikhristu, monga sisitere Maria De Coppi ku Chipene ku Mozambique mu Sepitembala 2022, ndipo tchulani gulu limene lawapha ndi dzina lake.

Nduna, phungu kapena mneneri wa apolisi angagwiritse "zigawenga" pa tsiku la ngozi, pamene chofunika n'kuti anthu asatengere lamulo m'manja. Pasathe sabata asananene kuti ndi zigawenga ziti ndipo zikufuna chiyani, apo ayi wabwereza za ku Maputo.

Mukamamasulira mawu a mtsogoleri wakunja, musamukonzere. Ngati Trump wanena "radical Islamic terrorism", nenani kuti iye wati uchigawenga wa Chisilamu, ndipo muonetse kuti mawuwo ndi ake. Apa pokha ndi pamene njira yoyamba ili ndi malo. Ngati Macron wanena "islamiste", tengani masekondi asanu ndi atatu aja, chifukwa mukamufupikitsa mwamuika mawu a Trump m'kamwa.

Apolisi athu akamanga munthu ku Mangochi, ku Chiponde kapena ku Dzaleka n'kunena kuti ali ndi mgwirizano ndi magulu a ku Cabo Delgado, lembani kuti "apolisi akumuganizira", tchulani lamulo limene amumangira ndi tsiku limene akaonekere kukhothi. Chipembedzo chake chilowe m'nkhani pokhapokha ngati chili pa chikalata cha mlandu. Ndipo tsiku la khothilo likafika, tumizani mtolankhani.